Besitimani Wopanda Nsapato

Anyamata a masiku ano amaganiza kuti ntchito ya besitimani ndi kusunga mphete m'thumba ndi kumwetulira pachithunzi. Ndimangowayang'ana. Ine Obed ndinagwirizirapo mkwati kamodzi kokha, mu Januwale wa 1958, ku Sakubva mu Umtali. Ndinatuluka m'nyumba m'mawa nditatchena kuposa mkwati mwini wake, koma pageti la tchalitchi ndinafika ndi buluku ndi vesiti basi.

Mkwatiyo anali Mailosi, mnzanga wa ku Ntcheu. Tinabwera limodzi kuno kudzafuna ntchito, tinkagona chipinda chimodzi kunyumba za mbeta zachimuna, ndipo bulangete lathu loyamba linali limodzi. Iye anakalowa m'gulu lokonza njanji, ine ndinakhala weta pa hotela ina m'tauni. Kumeneko ndi kumene ndinatengera matenda a zovala, sindibisa. Ndinali ndi chipewa cha nthenga pambali, tayi yofiira, wotchi yapamkono, ndi nsapato za mitundu iwiri, zoyera ndi zofiirira, zimene ndinkazipukuta ndisanasambe m'maso. Mailosi ankati nyumba itapsa ndingayambe kutulutsa nsapatozo, iye pambuyo. Sindinkamutsutsa.

Mtsikana amene anamupeza anali Esnath, Mmanyika, wodekha ngati madzi a mumtsuko koma wochenjera kuposa tonse awiri. Ankakhala ku Sakubva komweko kwa azakhali ake, a Evah, amene aliyense ankawatchula kuti tete monga amanenera anthu a kuno. Vuto linali bambo ake, a Abisai, mkulu wamtali wa ku Zimunya, wosaseka, amene ankavala chikhoti chakuda ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mwana wawo woyamba, Abigail, anakwatiwanso ndi munthu wa kwathu ku Nyasalande. Munthuyo tsiku lina anati akukaona amayi ake odwala, napita, ndipo mpaka lero amayiwo sanachire. Choncho kwa a Abisai ife tonse tinali Mabhurandaya, dzina limene ankatitcha ngakhale ife amene Blantyre tinangomuonera pawindo la sitima, ndipo Mabhurandaya anali anthu othawa.

Analola ukwatiwo mokakamizidwa ndi misozi ya mwana wawo. Koma tsiku lomaliza kukambirana analoza Mailosi ndi ambulera yawo n'kunena mawu amene ndinawamva ndi makutu angawa. "Tikafika pakhomo la tchalitchi iwe palibe, sindidikira ngakhale nyimbo imodzi. Ndimutenga mwana wanga, basi ya ku Zimunya ilipo." Tonse tinaseka mwaulemu, poti ndani angasowe paukwati wake womwe?

Lachisanu mvula inagwa tsiku lonse ngati kumwamba kwabooka. Loweruka, tsiku la ukwati, kutangocha, ine ndikusita shati, kapitawo wa Mailosi anagogoda. Dothi linali litagumukira panjanji cha kumalire, njira ya ku Beira yatsekeka, ndipo aliyense wa m'gulumo akufunika, kaya anapempha tchuthi kaya ayi. Wosabwera asabwerenso Lolemba. Mailosi anakhala pabedi atagwira mutu. Ntchito ikatha, ndiye kuti yathanso nyumba ya anthu apabanja imene anamulonjeza, ndipo Esnath akanamulowetsa kuti, pansi pa bedi langa?

"Pita," ndinatero ine, pakamwa pakutsogola nzeru zili m'mbuyo.

"Ndibwera teni isanakwane," anatero akuvala ovolosi. "Achimwene, ugwire ukwatiwu mpaka ndifike."

"Ndiugwire pati? Uli ndi mchira?"

Anali atatuluka kale.

Mmene tinkachitira ku Sakubva, mkwati ankadikira kutchalitchi, ndipo besitimani ndiye ankapita ndi gulu la masitepe kukatenga mkwatibwi. Pamenepo ndi pamene panali mwayi wanga. Ndinanyamula suti ya Mailosi, sopo ndi beseni, n'kukazisiya m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Ndinapeza a Phineas, mkulu wa mpingo amene ankaimba belu, ndipo ndinawagwira dzanja ndi manja awiri. "Bambo, belu lisalire mpaka Mailosi atavala suti iyi. Ngakhale abusa akukalipireni, lisalire." A Phineas anandiyang'ana, kenako anati mkono wawo wakumanja wakhala ukuwavuta masiku ano.

Kuchokera kwa tete Evah kukafika kutchalitchi ndi ulendo wosuta ndudu imodzi. Tinanyamuka teni koloko, ine patsogolo ndi wezulo pakamwa, anyamata asanu ndi atsikana asanu m'mizere iwiri, woimba akodiyoni pambali, Esnath m'kati atavala velo, tete pafupi naye, a Abisai kumbuyo kwenikweni ndi chikhoti chawo ndi ambulera. Sitepe imene tinaiphunzira milungu itatu inali ya katatu kutsogolo, kamodzi m'mbuyo. Ine ndinaitembenuza pomwepo, kawiri kutsogolo, kawiri m'mbuyo, kenako kuzungulira. Anyamata anandiyang'ana ngati ndapenga, koma wezulo ndi wezulo, anatsatira. Tinavina pakhomo pa tete mpaka matope a pamenepo anasanduka phala, osasuntha ngakhale kufika pampanda.

Titatuluka ndinakhotera gululo kumanzere, njira ya kumsika, m'malo mwa kumanja. Amayi ogulitsa mango anaimirira n'kuyamba nthungululu, ana anatitsatira, ndipo ine ndinavina ngati ndalipidwa. Khutu limodzi linali kwa akodiyoni, lina linali kutchalitchi. Belu linali zii. Titazungulira msika kachiwiri ndinamva ambulera ikundigogoda paphewa.

"Nhai iwe," anandiitana m'Chimanyika a Abisai, "tchalitchi chinasamuka?"

"Ayi bambo, kungoti njira inayo kuli matope."

Anayang'ana pansi pamene tinaima, pamene matope anali kufika m'akakolo, nabwerera kumbuyo. Panalibenso kozungulira, tinalowa mumsewu wolunjika kutchalitchi, denga lake likuoneka poteropo, nthawi ili hafu pasiti teni.

Ndinabwerera m'mbuyo movina ngati ndikukonza mzere, ndipo nditafika pafupi ndi mkwatibwi ndinamva mawu otsika kuchokera m'kati mwa velo. "Alamu, ali kuti?"

Ndinafuna kunama. Koma Esnath sanali munthu womunamiza, ndiye ndinamuuza zonse m'mawu ochepa, njanji, dothi, kapitawo, belu. Ndinkayembekeza kulira. Iye anangoti, "Zakwana," anayenda mapazi atatu, kenako anaima chilili pakati pa msewu, mutu atazolika, ngati wamera mizu.

Akodiyoni inasiya. Ine ndinasokonezeka, koma amayi a Chimanyika amene anali m'gulumo anayamba kuseka ndi kuwomba m'manja. Kwawoko mkwatibwi akamaperekedwa kwa mwamuna amaima panjira, ndipo sasuntha mpaka a kuchimuna atamupatsa kanthu komunyengerera. Tete Evah anamuyandikira. "Mwanangu, izi timachita madzulo popita kwa mwamuna, osati popita kutchalitchi." Esnath sanasunthe. Tete anayang'ana mwana wa mchimwene wawo, anayang'ana ine kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, ndipo ndinaona maso awo akuwala ngati a munthu amene waona nyama yotsika mtengo. Anaitanitsa dengu kwa mayi wina wa mango.

"Mwambo ndi mwambo," analengeza tete. "A kuchimuna ali kuti?"

A kuchimuna ndinali ine ndekha. Mailosi analibe bambo kuno, analibe malume, analibe mlongo. Ndinaganiza zongoima osapereka kanthu kuti nthawi ipite, koma a Abisai anatseka khomo limenelo msanga. "Ngati a kuchimuna alibe chopereka, ndiye kuti mwana wanga samufuna. Tibwerere." Basi, nkhani inaoneka poyera. Kupereka ndiyenera kupereka, chimene ndikanatha ndi kuchedwetsa dzanja.

Ndinayamba ndi timakobiri ta m'thumba. Ndinafufuza thumba lililonse kawiri, ndinagwada, ndinawomba m'manja mwa Chimanyika molakwitsa dala kuti andiphunzitse, tete anakana kuti n'zochepa, amayi anaimba nyimbo yonse, ndinawonjezera, ndipo Esnath anayenda. Anayenda mapazi khumi n'kuimanso. Pamenepo ndinadziwa kuti Mailosi wapeza mkazi, ndipo ine ndapeza tsoka.

Poima pachitatu makobiri anali atatha. Ndinapereka mpango wanga woyera wa m'thumba la jekete, umene ndinausungira kupukuta thukuta la mkwati. Kenako chipeso. Kenako tete analoza chipewa. Ndinawauza mbiri yonse ya chipewacho, kuti ndinachigula kwa khukhi wina wa ku Yeovil, dera la azungu, kuti nthengayo ndinaikapo ndekha, kuti mutu wanga sugwirizana ndi dzuwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, poti tete anali munthu woleza mtima pa zinthu za eni, kenako chipewa chinalowa m'dengu. Anthu anali atachuluka tsopano, ena atakwera pamipanda, ena akuitana anzawo m'nyumba kuti adzaone Mubhurandaya akusosoledwa ngati nkhuku.

Tayi inapita leveni koloko itadutsa. Ndinaimasula ngati munthu amene sanaionepo mfundo chibadwire. Jekete inapita pafupi ndi mpope wa madzi. Wotchi ndinaipereka mosavuta, chifukwa inali itayamba kundidwalitsa ndikaiyang'ana. Belu linali lisanalire. Ndinayamba kuganiza zoipa, kuti mwina dothi lagumukanso, mwina kapitawo wakana kumumasula, ndipo ndivomere kuti kamphindi kena ndinaganizanso zimene a Abisai ankaganiza. Ndinachita manyazi ndi ganizo limenelo kuposa mmene ndinachitira ndi shati, imene inapita poima potsatira.

Tsono tinafika pa nsapato. Tete anaziyang'ana, ine ndinayang'ana kumwamba. Ndinapempha kuti atenge masokosi okha, anati masokosi adzabwera pambuyo pake. Anzathu a masitepe anali atagwa nako kuseka, woimba akodiyoni akupukuta misozi. Akulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, koma sananene kuti uzimire ndi nsapato zako za mitundu iwiri. Ndinakhala pamwala, ndinamasula zingwe pang'onopang'ono, ndinapereka yakumanzere yokha. Esnath, Mulungu amudalitse, anayenda mapazi asanu n'kuimira yakumanja. Masokosi anagula maulendo ena awiri. Matope a ku Sakubva ndi ozizira, ndinawadziwa tsiku limenelo.

Ngakhale uyende bwanji pang'onopang'ono, msewu umatha. Tinafika pageti la tchalitchi dzuwa lili pamutu. Chitseko chinali chotsegula, anthu ali m'kati akusuzumira, ndipo a Phineas anaima pansi pa belu atagwira mkono wawo wodwala uja. Atandiona anapukusa mutu pang'ono. Esnath anaima komaliza, ndipo nthabwala yonse inandithera. Kuchokera pageti kufika pakhomo panali mapazi makumi awiri okha.

"A kuchimuna!" anaitana tete, koma mawu awo sanalinso okondwa, nawonso anali ataona kuti pakhomo palibe mkwati. Wina m'gulu anakuwa kuti buluku, anthu anaseka, kenako kuseka kunazima kokha. Ndinaima pamenepo ndi vesiti, wezulo ili pakhosi, manja ali lende. Ndinalibe kanthu. Ndinamva mapazi kumbuyo kwanga, ndipo sindinafunike kutembenuka kuti ndidziwe mwini wake.

A Abisai anabwera kudzaima patsogolo panga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule zonse ndi kupempha chifundo, koma anakweza dzanja. Anapatsira tete ambulera. Kenako, anthu onse akuona, anavula chikhoti chakuda chija, chimene ena ankati amagona nacho, n'kundiveka. Manja ake anandipitirira zala. Anayamba kundimanga mabatani okha, kuyambira pansi, limodzilimodzi, akulankhula motsitsa kuti ndimve ine ndekha.

"Ndinagwira ntchito ya njanji zaka khumi ndi zisanu usanabadwe iwe. Mvula ikagwa ngati ya dzulo, sitima ya ku Beira osalira m'mawa, ndimadziwa kumene kuli anthu okonza njanji. Ndadziwa ndisanamwe tiyi."

"Nanga bambo, bwanji simunanene?" ndinafunsa, mawu akutuluka ngati a mwana.

"Uja wa Abigail atathawa ndinayenda m'nyumba zanu zonse kumufunsa. Amene ankadya naye, amene ankagona naye chipinda chimodzi, aliyense ankati sindimudziwa bwino. Munthu wopanda womuimira ndi amene amathawa." Anamanga batani lapakhosi, nandikonza kolala. "Lero ndimafuna ndione ngati uyu ali ndi munthu."

Anabwerera m'mbuyo n'kukweza mawu kuti onse amve. "Tete, a kuchimuna ali ndi chikhoti." Kenako anandiyandikiranso. "Chili ndi mabatani asanu ndi limodzi, ndipo mabowo ake ndi othina. Usafulumire."

Sindinafulumire. Mabowowo analidi othina, moti sindinafunike kunamizira. Amayi anayambitsa nyimbo, akodiyoni inalowa, tete anayamba kunyoza chikhoticho kuti n'chakale, mchimwene wawo akuwayankha kuti tetewo ndi aakulu kuposa chikhoticho ndi zaka ziwiri zokha. Batani loyamba linatuluka, lachiwiri linakana nthawi yaitali, lachitatu ndinalimasula n'kulimanganso molakwitsa. Ndili pa lachinayi, belu linalira.

Sindinamvepo belu lokoma chotero, ndipo a Phineas analiimba ndi mkono wodwala womwe uja mpaka nkhunda zinathawa padenga. Mailosi anatulukira pakhomo atavala suti, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi njati. Tinamva pambuyo pake kuti anzake anamubweretsa pangolo yapanjanji ija yopalasa ndi manja, anayi akupalasa mosinthana, ndipo kuchokera kusiteshoni anathamanga wapansi. Anayang'ana Esnath, anayang'ana apongozi ake ali ndi shati yokha, anayang'ana ine m'chikhoti chofika m'maondo ndi mapazi amatope, ndipo pakamwa pake panangoti yasa. Esnath sanadikirenso mphatso, mapazi makumi awiri aja anawayenda mofulumira moti atsikana ogwira velo anachita kuthamanga.

Ndinakaima pambali pa mkwati monga mwa ntchito yanga. Kuseri kwa khutu lake kunali kudakali dothi lofiira la kunjanji, ndipo thukuta linkatsika ngati mvula ya dzulo lake. Ndinapisa m'thumba kufuna mpango, n'kukumbukira kuti uli m'dengu la tete. Ndinamupukuta ndi mkono wa chikhoti cha apongozi ake. Mphete yokha inapulumuka, chifukwa ndinaimangirira pachingwe cha wezulo, ndipo tete sanaganize zopempha wezulo. Abusa anandiyang'ana kumapazi kamodzi kokha, kenako anayang'ana m'buku mpaka mapemphero kutha, mapewa awo akugwedezeka.

Za m'dengu musandifunse. Mwambo ndi mwambo, zinapita. Amuna awo a tete Evah anavala nsapato zanga zaka zinayi, ndipo Lamulungu lililonse ankandipatsa moni mwaulemu kwambiri. Pachithunzi cha ukwati ndinaima kuseri kwa diresi la mkwatibwi kuti mapazi asaoneke, ndipo ana a Mailosi mpaka lero amafunsa chifukwa chake amalume Obed anavala ngati mlonda.

Mawa lake la ukwatiwo, Lamulungu masana, ndinachapa mkono wa chikhoti chija, ndinachisita bwinobwino, n'kupita nacho kwa tete kumene a Abisai ankadikira nthawi ya basi. Ndinagwada, ndinawomba m'manja, ulendo uno molondola, n'kuchipereka ndi mawu othokoza amene ndinawakonzekera njira yonse. Sanachilandire. Anachiyang'ana, anandiyang'ana ine, munthu amene bambo ake anamwalira ku Ntcheu iye ali kuno osakaika nawo maliro.

"Ukachepetse manja kwa telala," anatero. "Kuno kumazizira mu Juni, mwanangu."

Ndinayankha kuti zikomo bambo, ndipo ndinatuluka msanga, chifukwa weta wa pahotela salira pamaso pa anthu.